Kodi Moyo Uyesedwa ndi Zaka Zokha?

Pali funso limene tiyenera kulisinkha ife tonse amene tiri ndi odwala m'nyumba zathu: kodi munthu akapulumuka ku imfa, nakhala zaka zambiri, pamenepo tinganene kuti ali bwino? Nthenda ya shuga, imene igwira anthu atakula msinkhu, itiphunzitsa kanthu pa mlandu umenewu.

Nthendayi idza pamene thupi lileka kumvera insulini, imene itsegulira shuga njira yocoka m'mwazi kulowa m'minofu. Tsono shugayo aunjikana m'mwazi. Siiri yacilendo kwathu kuno, pakuti pofufuza m'Malawi m'caka ca 2009 anapeza kuti mwa akulu 100, pafupifupi 6 anali nayo. Banting ndi Best anapeza insulini ku Toronto m'caka ca 1921, ndipo lero aliponso mankhwala akumwa, monga metformin; cotero ambiri akalamba nayo nthendayi.

Koma taonani masiku a wodwalayo. Ludzu limsautsa, ndipo usiku adzuka kawiri kawiri kukataya madzi, kotero kuti m'mawa khasu limlemera. Shuga akacuruka zaka zambiri aononga mitsempha ya kumapazi. Munthu aponda munga osamva, cironda cikana kupola, ndipo ena adulidwa mwendo. Maso acita khungu, impso zifooka. Iriponso nsautso yina imene siioneka poyesa mwazi. Paukwati anzace amwa thobwa, iye angoyang'ana. Kwao amphikira padera, nadya yekha monga mlendo.

M'caka ca 1946, polemba malamulo a World Health Organization, maiko anagwirizana kuti umoyo suli kusowa nthenda kokha, koma kukhala bwino m'thupi, m'maganizo, ndi pakati pa anzathu. Cifukwa cace lero ofufuza za nthendayi amfunsanso wodwala ngati agona tulo, ngati akhoza kugwira nchito yace, ngati mtima wace uli pansi.

Wina adzati, "Cacikuru ndi kusafa, zinazo n'zazing'ono." Tibvomera kuti mankhwala ndi kusala zakudya siziyenera kulekedwa. Koma munthu amene masiku ace amwawira ataya mtima, naleka mankhwala, nayamba kudya mobisa. Pamenepo zaka zace zomwe zifupika. Tsono ubwino wa masiku ndi kucuruka kwace ziri mtolo umodzi.

Apa ndipo mlandu utigwera ife abale. Dokotala amuona wodwalayo kanthawi kocepa, ife tikhala naye tsiku ndi tsiku. Nsima yamgaiwa yosacuruka, nyemba, ndiwo zamasamba, ndi tiyi wopanda shuga sizipha munthu wabwino. Nanga bwanji banja lonse silidya naye zomwezo m'mbale imodzi? Tingathe kumuyang'ana mapazi madzulo, popeza maso ace mwina saona cironda. Tingathe kumgulira nsapato, kuyenda naye kumunda, ndi kumperekeza ku cipatala pa tsiku lace. Akalakwa nadya cotsekemera, tisamuyese wakuba, pakuti kudziletsa tsiku liri lonse kufikira imfa ndi nchito imene ambiri a ife sitinaiyesepo ngakhale mwezi umodzi.

Makolo anati cibale ndi pfupa, siciola. Mankhwala amuonjezera mbale wathu zaka. Tiyeni ife tisamale kuti zakazo zikhale zoti iye mwini aziyamike.