Mwala wofunda pamimba ya wokhuta

Amonke achibuda a ku Japan, a gulu la Zen, anali ndi lamulo loti dzuwa likapendeka asadyenso kanthu. Tsono nkhani imati usiku, njala ikayamba kulilima ndipo chisanu chikalowa m'mafupa, ankatenthetsa mwala pamoto, kuukulunga m'kansalu, n'kuubisa m'chovala pamimba. Mwala sukhutitsa, koma kufunda kwake kunkanyenga mimba mpaka tambala atalira. Mawu akuti kaiseki, akalembedwa m'zilembo zina za Chijapani, amatanthauza chomwechi: mwala wa m'chovala. Chodabwitsa n'chakuti lero dzinali ndi la chakudya chodula zedi m'dzikomo, chobwera mbale ndi mbale mpaka khumi kapena kuposerapo, chimene m'malo otchuka a mumzinda wa Kyoto munthu mmodzi amalipira mayeni oposa 30,000. Funso langa, inu awerengi, ndi ili: kodi n'chilungamo kuti wokhuta abwereke dzina la njala n'kulipachika pa phwando lake?

Tiyambe ndi kumene zidachokera. Sen no Rikyu, yemwe adabadwa mu 1522 m'banja la amalonda ku Sakai, ndiye katswiri wamkulu wa mwambo wa tiyi. M'masiku ake akuluakulu ankachita madyerero a mbale zosawerengeka, zina zongoonetsa osati zodya. Iye adakonda zochepa: msuzi umodzi, ndiwo ziwiri kapena zitatu, ndi mpunga, zongoti mlendo asamwe tiyi wowawa uja pamimba popanda kanthu. Kachipinda kake ka tiyi kotchedwa Taian kali ndi mikeka iwiri yokha, ndipo khomo lake ndi lakuti ulowe chokwawa, kaya ndiwe mfumu kaya kapolo, lupanga utalisiya panja. Zokoma kumva. Koma tisaiwale kuti Rikyu yemweyu ankatumikira Toyotomi Hideyoshi, wolamulira amene anali ndi chipinda cha tiyi chokutidwa ndi golide, amenenso mu 1591 adamulamula kuti adziphe. Umphawi wa m'kachipindako udali wochita kusankha, chovala chimene anthu olemera ankavala masana n'kukachivula madzulo. Ngakhale mwala uja udabwera mochedwa: zilembo zonena za mwala zimapezeka m'buku lotchedwa Nanporoku, lomwe lidatulukira patapita zaka pafupifupi 100 Rikyu atamwalira.

Ine zonsezi ndikadangoziwerenga m'mabuku n'kuiwala, pakadapanda mlongo wanga. Iye adamaliza maphunziro ake ku Kyoto mu September 2023, ndipo adaumirira kuti amayi, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi tikaone nawo akulandira pepala lake. Usiku womaliza adatitengera ku ryokan, nyumba ya alendo yachikale, kumene chakudya amakubweretserani m'chipinda momwemo, mutakhala pansi pamikeka. Adasankha kumeneko chifukwa malo ambiri odyera apamwamba salola ana aang'ono.

Mayi wina wovala kimono adatsegula chitseko atagwada, n'kuika patsogolo pa aliyense kambale kokhala ndi kanthu kosakwana pachikhatho. Amayi adayang'ana kambaleko, kuyang'ana mlongo wanga, n'kunong'ona kuti, "Iwe, kodi izi n'zolawa kapena tayamba kale?" Tinali titayamba kale. Kenaka kudabwera hassun, kathireyi kamene dzina lake likuchokera pa muyeso wake, masentimita 24 mbali zonse, konyamula kanthu ka kuphiri ndi kanthu ka m'nyanja. Kudabwera nsomba yaiwisi, imene amayi adaikankhira kwa mdzukulu wawo mwakachetechete. Kudabwera yootcha, kudabwera masamba ophikidwa aliwonse paokha asanakumane m'mbale imodzi.

Chimene sindidzaiwala ndi kaketulo kadothi. M'katimo munali msuzi wa udzu wa m'nyanja wotchedwa kombu ndi nsomba youma, muli bowa wa matsutake ndi nsomba yonga mkunga yotchedwa hamo. Umayamba wathira msuziwo m'kakapu, kufinyiramo kandimu kobiriwira, n'kumwa; zotsalazo pambuyo. Mlongo wanga adafotokoza kuti hamo ndi nsomba ya m'chilimwe chotentha, imene nyengo yake inali kutha, pamene bowayo nyengo yake inali itangoyamba, moti awiriwa amakumana milungu yochepa chabe pachaka, wina akutsanzika wina akufika. Kyoto ali pakati pa mapiri, kutali ndi nyanja, ndipo kale hamo ndiyo inkapirira ulendo wa m'chitungu n'kufika yamoyo. Vuto lake ndi minga yosawerengeka yosatheka kuzula, kotero wophika amaidula ndi chimpeni cholemera, ka 24 kapena kuposerapo pa masentimita atatu aliwonse, osaboola khungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa nkhono yake ndi zaka za munthu ataimirira m'khichini kuphunzira kudula nsomba imodzi.

Mpunga udabwera kumapeto kwenikweni, patapita maola awiri. Ndi pomwepo pamene mlongo wanga, pofuna kutisangalatsa, adasimba nkhani ya mwala wa amonke. Amayi adatula timitengo todyera tija. "Mwala? Ife mu 2002 tinkamanga chitenje pamimba, kumangitsa, kuti tigone. Mwaiwala, eti? Madeya tinkachita kulimbirana kuchigayo." Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Amene adaipatsa njala dzina lokoma ngati limeneli sadagone nayo."

Sindinaiwale. Ndinali mwana chaka chimenecho, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza mu February kuti dziko lili pangozi ya njala, anthu m'midzi akudya zitsinde za nthochi. Choncho mlandu wa amayi ndikuumva bwino, ndipo ndi wolemera. Njala ya mmonke inali ndi khomo lotulukira: adailowa yekha, ankadziwa kuti m'mawa phala lilipo. Njala ya 2002 inalibe khomo. Kutenga chizindikiro cha yoyamba ija n'kumagulitsira chakudya cha anthu olemera kuli ngati kuvala sanza za wamasiye popita kuukwati.

Komabe pali mbali ina, ndipo sindikufuna kuidumpha. Ajapani si alendo pa njala yeniyeni. Njala ya Tenmei ya m'zaka za m'ma 1780 idapha anthu ochuluka kumpoto kwa dzikolo, ndipo nkhondo itatha mu 1945 anthu a m'mizinda ankakwera sitima kupita kumidzi kukasinthanitsa zovala zawo ndi mbatata. Ngakhale m'dziko lolemera chonchi, kuyambira 2012 anthu akufuna kwabwino akhala akutsegula malo otchedwa kodomo shokudo, kumene ana amadya ulere kapena pamtengo wochepa. Anthu oterewa akamalemekeza kanthu kakang'ono m'mbale, sindinganene msanga kuti akuseka amphawi. Mwina ndi chikumbumtima cha fuko limene lidaphunzira kuti njere ya mpunga siitayidwa. Ndipo ife alakatuli tinene chiyani? Ntchito yathu yonse ndi kutenga maliro, chilala ndi kusweka mtima n'kuziika m'mawu okoma. Ngati kukongoletsa chowawa ndi mlandu, ndiye kuti nyimbo za pamaliro nazonso tizileke.

Pamene ine ndaima ndi apa. Chakudyacho sindikuchipeza ndi mlandu. Kudya bowa panyengo ya bowa, kuzindikira dzanja la wophika, kukhala maola awiri ndi amayi ako popanda wothamangira kwina, zimenezi si tchimo, ndipo dziko lonse lidavomereza pamene UNESCO idaika kaphikidwe ka Chijapani pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2013. Chimene ndikukana ndi mwalawo ukasanduka chokometsera malonda, kuti wodya adzimve woyera mtima ngati mmonke kwinaku akulipira ndalama yodyetsa banja lonse la kwathu mwezi wathunthu. Kukhuta khuta, koma usadzitche wosala.

Pali chinanso chimene chidandisokoneza kuposa zonsezi. Ndalama ya usiku umenewo mlongo wanga adaipeza potsuka mbale m'kalesitilanti kena, m'maola 28 pamlungu amene malamulo a ku Japan amalola wophunzira wochokera kunja kugwira ganyu. Adasunga miyezi ingapo. Nditamufunsa panjira chifukwa chake sadangotumiza ndalamayo kumudzi, adandiyankha mokalipa pang'ono: "Achimwene, feteleza ndakhala ndikutumiza chaka ndi chaka. Amayiwa moyo wawo wonse amadya pomaliza, zotsala m'mphika. Ndimafuna tsiku limodzi munthu awagwadire powapatsa chakudya." Nanga apa chilungamo chili mbali iti? Amayi, amene adatsutsa dzina la chakudyacho, adadya mpunga wawo mpaka njere yomaliza, ndipo mayi wa kimono atabwera kudzatenga mbale adamuwombera m'manja mwaulemu monga achitira kwathu. Sadaone kutsutsana kulikonse pakati pa ziwirizi: dzina adalikana, mphatso ya mwana wawo adailandira.

Kunena zoona, kaiseki alipo awiri, otchulidwa chimodzimodzi koma olembedwa mosiyana. Amene tidadya ife ndi wa madyerero, wolembedwa ndi zilembo zotanthauza malo okumanirana, ndipo mpunga umadikira kumapeto chifukwa mbale zoyambazo n'zoperekeza mowa wa sake. Wa mwala uja ndi wa mwambo wa tiyi, ndipo kumeneko zinthu zimayenda mwina. Mpunga umabwera poyambirira, kachidutswa kochepa kongophulidwa kumene, pamodzi ndi msuzi, ngati kuuza mlendo kuti wachokera kutali, yamba waika kanthu m'mimba. Wonyamula mbale ndi mwininyumba yekha, osati wantchito. Pomaliza amabweretsa madzi otentha okhala ndi makoko a mpunga a pansi pa mphika, alendo n'kutsukuluzira m'mbale zawo n'kumwa, kuti pasatsale kanthu. Kenaka aliyense amapukuta mbale zake ndi kapepala kamene adabwera nako m'chovala, ndipo onse pamodzi amagwetsa timitengo tawo pathireyi, kuti mwininyumba, amene akudikira kuseri kwa chitseko, amve kaphokosoko adziwe kuti amaliza.