Chinsinsi cha Wodwala ndi Amana

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tiope Allah pa zomwe tasungitsidwa.

Zomwe wodwala amauza namwino pachipatala cha Ulónguè kapena ku Dómuè zimalembedwa m'kaundula, ndipo ziwerengero zake zimapita pakompyuta mpaka ku Unduna wa Zaumoyo ku Maputo. Izi n'zoyenera, pakuti boma silingagawe mankhwala a malungo kapena a HIV lisakudziwa kuchuluka kwa odwala. Ofufuza za matenda nawonso amazifuna.

Koma kodi kufufuta dzina n'kokwanira? M'mudzi wa mabanja owerengeka, ukangotchula zaka, mudzi ndi nthenda, aliyense wamudziwa mwiniwake. Zikatero, mayi amaleka kukatenga mankhwala poopa kunyozedwa, ndipo chimene chinalembedwa kuti chimupulumutse chimamupha.

Lamulo 19/2014 la dziko lino limateteza chinsinsi cha amene ali ndi HIV, ndipo Surat Al-Hujurat, ndime 12, imaletsa kufufuzana ndi miseche. Choncho ziwerengero zigawidwe, koma munthu abisike. Inu achipatala, musajambule kaundula n'kumutumiza pa WhatsApp. Enafe, tikaona m'bale pamzere wa mankhwala, tigwire lilime. Amana imeneyi tidzafunsidwa nayo pa Tsiku la Kiyama.