Kodi Njinga Yakale Imaleka Liti Kukhala Yakale?

Munthu wochokera ku Mutare kulowera kumpoto akapatukira m'chigwa cha Honde, msewu umatsetsereka mokhotakhota mpaka pa Hauna, ndipo kuchoka pamenepo amaona minda ya nthochi ndi ya tiyi itayalana m'munsi mwa phiri la Nyangani. Tinjira tolowera m'mindamo ndi tamiyala, toterera dzinja likafika. Kumeneko, monganso m'minda ya Tanganda ku Chipinge komwe tiyi anayamba kudzalidwa m'zaka za m'ma 1920, njinga yamoto ndi chida chogwirira ntchito ngati khasu. Ashona amaitcha mudhudhudhu, pamene Amalawi amaitcha mthuthuthu. Mayina onse awiri amangoyeseza kulira kwa injini.

Njinga yotere ikafooka miyendo, mwini wake sazengereza. Makaniko amachotsa ma shock absorber, zitsulo zija za sipuling'i ndi mafuta zimene zimameza kugunda kwa miyala, naikapo ena olimbirapo, ngakhale akhale ochokera ku njinga ya mtundu wina, malinga ikasenze mikoko ya nthochi mpaka pamsewu. Palibe amene amafunsa ngati njingayo ikadali yomwe ija. Koma kuli dziko lina kumene ntchito yomweyi yasanduka mlandu wodanitsa anthu, ndipo mlanduwo uli ndi kanthu koyenera kukalingalira.

Ku Kinlochleven, kamudzi ka m'mapiri a Scotland, kuyambira mu 1984 kumachitika mpikisano wa njinga zamoto zakale wotchedwa Pre-65 Scottish, umene unabadwa kuchokera ku Scottish Six Days Trial, mpikisano woyamba mu 1909. Masewerawa amatchedwa trials, ndipo si a liwiro ayi. Wokwera amadutsa m'mitsinje yamiyala ndi m'zitunda, ndipo oweruza amangoyang'ana phazi lake: akaponda pansi kamodzi amulembera chilango chimodzi, akalephera kudutsa amulembera zisanu. Wopambana ndi amene watsala ndi zilango zochepa.

Chaka cha 1965 sichinasankhidwe mwachisawawa. Sammy Miller wa ku Belfast anapambana Scottish Six Days mu 1962 ndi 1964 pa njinga ya ku Britain yotchedwa Ariel, ya nambala GOV 132. Kenaka anasamukira ku kampani ya ku Spain ya Bultaco, ndipo mu 1965 anapambananso pa njinga yopepuka ya Sherpa T. Kuyambira pamenepo zimphona zolemera za ku Britain zinatha mphamvu. Mpikisano wa ku Kinlochleven unakhazikitsidwa kuti Ariel, AJS, BSA, Triumph ndi zinzake zikhale ndi bwalo lawolawo, lopanda adani amene anazigonjetsa.

Vuto ndi loti adaniwo analowanso m'bwalomo mobisala. Njinga zambiri zimene lero zimatchedwa zakale zili ndi felemu yopangidwa posachedwa, yopepuka kuposa yoyambirira. Mafoloko akutsogolo amaoneka akale kunja, koma m'kati mwake muli zipangizo zamakono, ndipo ma shock akumbuyo ndi a masiku ano. Chifukwa chimene mkangano umafikira pa zitsulo zimenezi, kuposa pa utoto kapena chishalo, nchosavuta kuchimva. Shock yabwino imasunga tayala pamwala. Yoipa imalidumphitsa, njinga nkupendekeka, phazi nkutsika. Ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mawondo ndi msana wa wokwera tsopano ikugwiridwa ndi mafuta oyenda m'timabowo ta chitsulo, koma pa pepala la oweruza ulemu umalembedwabe pa dzina la munthu.

Oteteza kusinthaku ali ndi mfundo zosayenera kuzipeputsa. Ambiri mwa okwera njingazi ndi anthu achikulire, ena aimvi, ndipo mawondo awo sangapirire zimene ankapirira ali anyamata. Zipangizo zoyambirira zinaleka kupangidwa kale, ndipo chitsulo chimene chagundidwa zaka 60 chingathe kuthyoka munthu ali paphompho. Mfundo yawo yamphamvu koposa ndi Miller mwini wake. GOV 132 sinali monga inatulukira ku fakitale: kwa zaka zingapo iye ankaichotsa ichi, kuiboola apa, kuisinthira icho ndi chopepukirapo, kufikira inasiyana kutali ndi Ariel wogulidwa m'sitolo. Njinga imene anthu amaigwadira ngati kholo la zonse ndiyo inasinthidwa koposa zinzake. Nanga amene akusintha lero akuphwanya mwambo, kapena akuutsatira?

Anthu ophunzira akafika apa amathamangira ku nkhani ya Plutarch yonena za ngalawa ya Theseus, imene anthu a ku Athens ankaisunga pochotsa matabwa ovunda nkuikapo atsopano, mpaka anzeru anayamba kutsutsana ngati ikadali ngalawa yomweyo. Nkhaniyo njokoma, koma pano ikusocheretsa. Chitsamba cha tiyi chimaduliridwa mobwerezabwereza, munda ukakalamba umazulidwa nkudzalidwanso mbande zina, komabe tiyi amatuluka pa dzina lomwelo la esiteti popanda wina kudandaula. Zinthu zonse zogwiritsidwa ntchito zimakhala moyo mwa kusinthidwa. Funso lenileni si lakuti njingayo ndi yani, koma lakuti mwini wake walonjeza chiyani poilowetsa m'bwalo.

Kulembetsa dzina mu mpikisano wa njinga zakale ndi pangano. Munthu akuuza anzake kuti wavomera kusenza mtolo umene akale ankasenza, ndi kuti akapambana, chopambanitsa ndi luso lake pa chitsulo chouma. Miller sanalonjezepo zotere. M'masiku ake cholinga chinali kupanga njinga yoposa zonse, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Amene lero akubisa zamakono m'chikopa chakale akudya mbali ziwiri: ulemu wa wopirira ndi ufulu wa wosapirira. Ndipo popeza ntchito yobisa bwino imafuna ndalama zambiri, mnzake amene wabwera ndi BSA Bantam ya bambo ake monga anaisiyira amagonja ku thumba, osati ku luso.

Chodabwitsa nchoti malamulo enieniwo ali ndi gawo m'cholakwachi. M'mipikisano yambiri yotere oyendera njinga amalimbikira pa zooneka: mabuleki akhale akale, mafoloko aoneke a nthawi imeneyo. Nzomveka, pakuti sangamasule njinga iliyonse m'mawa wa mpikisano. Koma lamulo loyang'ana kunja kokha limaphunzitsa anthu luso lobisa. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuno mkuyu watembenuka, kunja kuoneka kovunda dala pamene m'kati muli mwatsopano, komabe chinyengo nchomwecho. Makalabu amene amagawa magulu poyera, la njinga zosasinthidwa ndi la zosinthidwa, achita bwino kuposa amene amakangana za kukula kwa chitsulo mamilimita angati. Nkhalamba ya mawondo owawa ikwere njinga yofewa, palibe choipa, bola inene.

Makaniko wa m'chigwa cha Honde uja sakudziwa za Kinlochleven, ndipo angaseke atamva kuti kuli anthu olipira ndalama kuti chatsopano chioneke chakale. Komatu funso lomweli limamupeza tsiku limene njinga ija yaikidwa pamalonda. Ma shock atopa, mafuta akuchucha, ndipo pambali pali chitini cha utoto wakuda. Akawapukuta nkuwapaka, wogula adzawaona ngati atsopano, nadzakweza mkazi wake woyembekezera kutsika naye chitunda kupita kuchipatala cha pa Hauna. Wogulayo sadzamasula chitsulo kuti aone m'kati. Adzangoitsindira njingayo kawiri katatu ndi dzanja, nkumuyang'ana makaniko kumaso.