Kuweta Amphaka Ambiri ndi Kuwaunjika

Anthu awiri akhoza kukhala ndi amphaka 20 ali yense, wina nkukhala woweta wabwino, mnzake nkukhala wozunza. Ciwerengero sicitiuza kanthu ai. Tiyang'ane moyo wa ziwetozo.

Woweta weniweni adziwa mphaka ali yense, awadyetsa, asesa pogona pao, ndipo wina akadwala apita naye kwa dokotala wa ziweto. Adziwanso kuti mphaka wamkazi atha kutenga bere asanakwanitse miyezi 6, nabala patapita masiku ngati 63, kawiri kapena katatu pa caka. Cifukwa cake awatseketsa kuti asaswane, ndipo mphamvu zake zikacepa aleka kulandira ena.

Wounjika satero. Amphaka ake aonda nadzala utitiri, pfungo la mkodzo liwawa m'maso ndi pacifuwa, ena afera m'ngodya, koma iye saona bvuto, naumirira kuti ndiye yekha awakonda. Ndico cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisafulumire kumnyoza munthu wotere. M'caka ca 2013 bungwe la American Psychiatric Association linaika kuunjika zinthu m'gulu la matenda a maganizo. Mukamlanda amphaka osamthandiza iye mwini, kawirikawiri ayambanso kusonkhanitsa ena. Mlongosolereni mofatsa, mumpezere sing'anga, ndipo ziwetozo muzipezere mbuye wina.

Tsono, abale, musanalandire ciweto cina mudzifunse: kodi ndicitenga kuti cikhale bwino, kapena kuti citseke kusungulumwa kwanga?