Batire Nalonso Limafuna Mpweya

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo ku Mfuwe kapena ku Liwonde, m'malo ogona alendo mumaima magalimoto okoka makalavani, ambiri a manambala a ku South Africa. Furiji, magetsi ndi pampu ya madzi za m'kalavanimo zimadya kwa batire limodzi kapena awiri, obisika m'bokosi lomwe eni ake salitsegula kawirikawiri. M'bokosi limenelo muli zoti munthu aganizirepo.

1. Chimene sichidandaula sikuti chilibe chotulutsa. Batire la asidi ndi mtovu, lomwe Gaston Planté anapanga ku France mu 1859, likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzaza, madzi ake amagawanika n'kutulutsa mpweya wa hydrogen. Mpweyawu ulibe fungo ndipo suoneka. Ukangokwana magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa m'bokosi, kuthetheka kamodzi kwa waya wolendewera n'kokwanira kuphulitsa bokosi lonse. Pakhomo paliponse pali munthu wotere, wosenza ntchito za onse osatsegula pakamwa. Timamutama kuti ndi wofatsa, koma sitifunsa kuti zomwe zimamuwawa amazitulutsira kuti.

2. Bowo limodzi silikwana. Hydrogen ndi wopepuka kuposa mpweya wina uliwonse, choncho amakwera n'kukaunjikana pansi pa chivundikiro. Potulukira pake pakhale pamwamba penipeni, ndipo munsi mwa bokosi mukhale bowo lina lolowetsa mpweya wabwino. Bowo la pamwambalo liloze kunja, osati kumene anthu amagona. Kukambirana kwa m'banja kumafanana ndi zimenezi: wina akamatulutsa zakukhosi, pafunika polowera mawu a mnzake, ndipo zotulukazo zisakathere m'makutu mwa ana.

3. Kuteteza kopyola muyezo kumapha. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Woyenda m'misewu yafumbi amadana ndi fumbi, amaopanso mvula ndi madzi a pa zigwembe, ndiye amamata mng'alu uliwonse, n'kuika labala kuzungulira chivundikiro mpaka bokosi kukhala ngati chigubu. Kunja kumaoneka bwino ndithu, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amadzitonthoza kuti batire lawo ndi la AGM kapena la gel, lomwe silitsegulidwa pothira madzi. Nalonso lili ndi kavalavu kotulutsira mpweya tchaja ikalipanikiza, ndipo mpweya umenewo ufunika kopita. Fumbi limachepetsedwa ndi kasefa kapena paipi yoweramira pansi, osati kutseka. Ine ndimaona kuti makolo ena amalera ana mofanana ndi mwini bokosi uja: poopa zoipa za kunja amatseka chitseko chilichonse, kenako n'kudabwa mwana akaphulikira m'nyumba momwemo.

4. Chowononga sichibwera ndi chilango tsiku lomwelo. Batire la mtovu limakhala bwino pa madigiri pafupifupi 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 n'kukhalitsa pamenepo, moyo wake umafupika ndi theka. Tsono taganizirani bokosi lachitsulo, lopakidwa penti yakuda, lili kutsogolo kwa kalavani m'chigwa cha Luangwa kapena ku Chikwawa, komwe ngakhale pamthunzi pamafika madigiri 40. Chosokoneza n'chakuti batire lotentha limagwira ntchito mwamphamvu, furiji imazizira, mwini wake osaona vuto. Limadzafa patapita miyezi, mwina nyengo yozizira, ndipo mlandu umagwera wogulitsa. Zothandiza zake si zodula: kuimika pamthunzi, penti yoyera, kusiya mpata pakati pa mabatire awiri, ndiponso kulitalikitsa ku inveta ndi kumbuyo kwa furiji komwe kumatuluka mpweya wotentha. Palinso china chomwe ndimachikonda. Batire likatentha limafuna kutchajidwa ndi mphamvu yocheperako, n'chifukwa chake matchaja abwino amakhala ndi kawaya koyeza kutentha kwake. Tchaja yosayeza imapitiriza kukankha, batire limatenthera, ndipo likatentha limakoka moto wambiri n'kutentheratu. Bwana wosayang'ana nkhope ya wantchito wake asanamuwonjezere katundu ndi tchaja yotereyi.

5. Si onse othandiza amene angagone chipinda chimodzi. Gasi wophikira ndi wolemera, akadontha amatsikira pansi; hydrogen amakwera. Silinda ya gasi ndi batire zonse n'zofunika paulendo, koma chilichonse chikhale ndi bokosi lake ndi mabowo ake.

6. Wothandiza amene amadya kwa wothandizidwayo, muziwerengera. Kafani ka 12V kamathandiza masana otentha, koma moto wake kamautenga m'batire lomwelo usana ndi usiku. Yambani ndi mabowo, omwe sadya kanthu. Mukaika fani, ikhale yosathetheka, ndipo ikhale munsi kukankhira mpweya m'kati, osati pamwamba podutsa hydrogen.

7. Chatsopano chili ndi zoletsa zake. Ambiri tsopano akugula mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4, opepuka ndiponso osatulutsa hydrogen akamagwira ntchito bwinobwino. Kutentha kumawakalambitsabe, ndipo ali ndi vuto lawolawo: sayenera kutchajidwa kukazizira kutsika pa madigiri 0. Ku Chelinda pa phiri la Nyika, mu Juni ndi Julayi m'mawa udzu umayera ndi chisanu, ndipo sola imayamba kutchaja dzuwa likangotuluka, batire lisanafunde. Wosintha batire afunsenso za tchaja yake, poti safunsa anadya phula.

8. Mphuno ikachenjeza, musapikisane nayo. Fungo la mazira ovunda, bokosi lotentha kwambiri kapena batire lotupa m'mbali zikutanthauza kuti latchajidwa mopitirira. Zimitsani tchaja kuchokera kutali, tsegulani chivundikiro, wosuta fodya asunthe, ndipo spana isakhudze mitu ya batire kufikira litazizira.