Mbale ya Agogo ku America: Kodi Mwambo Ukatha Ntchito, Usungidwebe?

M'dziko la America, makamaka m'zigawo zapakati monga Wisconsin, Michigan ndi Minnesota, muli mwambo wa pa chakudya umene mabanja ambiri amautsata pa masiku akulu awiri: pa Khirisimasi, ndi pa tsiku lothokoza Mulungu lotchedwa Thanksgiving. Tsiku limeneli Pulezidenti Abraham Lincoln adalilengeza m'chaka cha 1863, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, ndipo m'chaka cha 1941 nyumba ya malamulo idalikhazika pa Lachinayi, likafika kachinayi m'mwezi wa Novembala. Abale akasonkhana, nkhukundembo ikali m'uvuni, mai wa panyumba amaika pa tebulo mbale yagalasi yogawidwa tizipinda. Eni ake amaitcha relish tray.

Wophunzira Chingelezi ku Malawi kapena ku Zambia angasokere pa dzina limeneli, pakuti kwa iye relish ndi ndiwo, ndipo nsima yopanda ndiwo sipita kukhosi. Koma m'mbale ya ku America mulibe ndiwo. Muli mapesi aawisi a mbewu yotchedwa celery, karoti wodulidwa motalika, anyezi wanthete, timizu tofiira totchedwa radish, nkhaka zoviikidwa m'viniga, ndi zipatso za olivi, zimene ena amati azitona. Zonsezi nzongotola ndi zala podikira chakudya chenicheni, ndipo palibe adakhutapo nazo.

Kale mbale imeneyi idali ndi chifukwa chomveka. Kumpoto kwa America miyezi ya Novembala ndi Disembala ndi ya chisanu choopsa, ndipo munda sutulutsa kanthu. Monga mai wa ku Malawi amafutsa nkhwani ndi khwanya pa dzinja kuti adzadye ndiwo zikadzasowa, momwemonso mai wa kumeneko ankaviika nkhaka m'viniga ndi mchere, nazitsekera m'mabotolo. Kutsegula botolo lotere pa chikondwerero kudali kupatsa alendo thukuta la miyezi yapita. Celery ndiye adali mfumu ya zonse. M'zaka za m'ma 1800 adali wovuta kulima, popeza mlimi ankaunjikira dothi m'mbali mwa mapesi kuti asaone dzuwa, ayere ndi kuchepa kuwawa. Motero adali wodula, ndipo olemera ankamuimika m'chikho chachitali chagalasi pakati pa tebulo ngati maluwa, kuti mlendo aliyense aone. Pambuyo pake anthu ochokera ku Holland adayamba kumulima wochuluka m'madambo a dothi lakuda pafupi ndi mzinda wa Kalamazoo, ku Michigan, namtumiza kutali pa njanji. Mtengo udagwa, ndipo mfumu ija idatsika m'chikho chake n'kugona m'mbale pamodzi ndi nkhaka. M'zaka za m'ma 1930, pa nthawi ya umphawi waukulu, mbale zagalasi zotsika mtengo zidafala kwambiri, zina zoperekedwa ulere ndi amalonda pokopa ogula. Zambiri mwa mbale zimene mabanja amazisunga lero ngati chuma cha agogo zidachokera m'masiku a kusauka amenewo.

Tsopano chifukwa chija chidatha. Celery wambiri amalimidwa ku California, ndipo amapezeka m'sitolo chaka chonse. Kawirikawiri alendo amailambalala mbaleyo, maso ali pa nyama. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kusunga mwambo umene ntchito yake idapita, makamaka mwambo wa chakudya, chimene chikatsala chingatayidwe?

Amene amati mbale ichoke ali ndi mfundo yolemera. Bungwe la FAO lidalengeza m'chaka cha 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha pa dziko lapansi limaonongeka kapena kutayidwa. Pa 5 Juni 2013 Papa Francis adaphunzitsa kuti kutaya chakudya kufanana ndi kuba pa tebulo la osauka. Ambuye Yesu omwe, atadyetsa khamu la anthu 5,000, adalamula ophunzira kuti atole makombo, ndipo adadzaza madengu 12. Ngati Mwini wochulukitsa buledi sadalole nyenyeswa kuonongeka, ndani angadzikhululukire potaya kudzala mbale yathunthu chaka ndi chaka, n'kumati ndi mwambo wa agogo?

Komabe pali kuwerengera kwina kumene kumaoneka ngati chifundo pamene sikuli chifundo. Ku Betaniya, Mariya atadzoza mapazi a Ambuye ndi mafuta onunkhira, Yudasi ndiye adafulumira kutchula mtengo wake, ndalama 300, natchulanso osauka. Ndipo Ambuye sadaime mbali yake. Chikondwerero sichiyesedwa pa sikelo ya mimba yokha. Munthu wofunsa za chinthu chilichonse kuti chikhutitsa angati, tsiku lina adzafunsanso za maluwa a pa guwa, za nyali, ndi za nyimbo.

Ndipo woyang'anitsitsa adzaona kuti mbale ija, ngakhale idataya ntchito yake yoyamba, idapeza zina zimene sizilembedwa. Kuikonza sikufuna moto ngakhale mphamvu, choncho ndiyo ntchito imene imapatsidwa kwa ana ndi kwa okalamba, amene pa tsiku lotanganidwa akadangouzidwa kuti achoke m'khitchini. Gogo amene manja ake sangathenso kunyamula mphika angathebe kuyala nkhaka m'kachipinda kake, mdzukulu ali pambali. Ana amasomeka olivi wakuda, wochotsedwa njere, kunsonga za zala zonse khumi, n'kumadya mmodzimmodzi, akulu akuseka, pakuti nawonso adachita zomwezo. Mlendo wamanyazi, mwina mkamwini watsopano wosowa chonena, amapeza chochita ndi manja ake. Ndipo mbaleyo ikatsitsidwa pa shelefu kamodzi pa chaka, dzina la mwini wake amene adatsogola limatchulidwa, ndipo ana amene sadamuone amamva za iye. Eklezia, amene amapereka mwezi womwewo wa Novembala kukumbukira ndi kupempherera akufa, sangaone zimenezi ngati zachabe.

Choopsa chili pena. Papa Gregori Wamkulu, amene adalamulira Eklezia kuyambira 590 mpaka 604, adatchula njira zisanu za tchimo la dyera, ndipo Tomasi woyera wa ku Aquino adazibwereza: kudya nthawi isanakwane, kufuna zodula, kupitirira muyeso, kudya mwaphuma, ndi kufuna zokonzedwa mwamatama. Mwana wotola karoti chakudya chisanapse sayenera kuda nkhawa ndi njira yoyambayo. Koma yachiwiri ndi yachisanu zimakhudza wokonza chakudya monga zikhudzira wakudya. Chikho chachitali cha celery chija chidali chodzionetsera, ndipo mtima womwewo ungabisale m'mbale ya lero. Pali mabanja amene amakangana za woyenera kulandira mbale ya agogo, mpaka pachibale osalankhulana. Pali apongozi amene amachititsa manyazi mtengwa chifukwa wagula nkhaka za m'sitolo, kapena wabwera ndi chakudya cha kwao chimene agogo sadachidziwe. America ndi dziko la anthu obwera, ndipo Akatolika ambiri a kumeneko makolo ao adachokera ku Mexico, ku Philippines, ku Vietnam ndi ku Africa. Mbale yokhala ndi tizipinda tisanu ingathe kulandira tsabola wa ku Mexico m'kachipinda kamodzi popanda agogo kunyozeka.

Pa nkhani yotere Ambuye adalankhula mosabisa, pamene adadzudzula anthu amene ankagwiritsa mwambo wa makolo pokana kuthandiza atate ndi amai ao. Sadanene kuti miyambo yonse ithe. Iwo omwe ankasunga Pasaka ndi zakudya zake. Adadzudzula mwambo umene wasanduka mpanda pakati pa munthu ndi mnzake. Akuluakulu adati mlendo ndi mame: sakhalitsa. Mbale idaikidwa chifukwa cha iye, ndipo ikayamba kumtsekera kunja ndiye kuti yatha ntchito kachiwiri, tsopano kotheratu.

Za makombo, yankho silovuta, ndipo amai ambiri a kumeneko amalidziwa. Amaika pang'ono, molingana ndi anthu amene alipo. Nkhaka ndi olivi zikatsala zimabwerera m'botolo. Celery, karoti ndi anyezi amalowa mumphika m'mawa mwake pamodzi ndi mafupa a nkhukundembo, n'kukhala msuzi wa masiku awiri. M'maparishi ambiri a Bungwe la Vinsenti woyera wa Paulo, limene lidayamba ku Paris mu 1833 ndi kufika ku St. Louis mu 1845, amasonkhanitsa madengu a chakudya chikondwerero chisanafike, n'kukapereka ku mabanja osowa. Mai wogula mabotolo awiri a olivi angathe kuika limodzi m'dengu lotere, pakuti ana a m'nyumba yosauka nawonso ali ndi zala khumi.