Mafuta amene Alzheimer anawaona

Mu 1906, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokozera madokotala anzake ku Tübingen zimene anapeza mu ubongo wa mayi wina amene anamwalira atadwala matenda oiwala. Ziwiri mwa zimenezo n'zimene zinatchuka: zibulumwa za puloteni yotchedwa amyloid zounjikana pakati pa maselo, ndi timaulusi topiringizika m'kati mwa maselowo. Chachitatu chinali timadontho ta mafuta todzaza m'maselo othandizira ubongo. Ofufuza anachisiya pambali kwa zaka zambirimbiri, ndipo ine ndikuona kuti pamenepo anaphonya kwambiri.

Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi, koma umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kolesterolo yense wa munthu. Puloteni imene amyloid amadukako imakhala yozikika m'chikuta cha selo, chomwe n'chamafuta, ndipo ma enzyme oidula amagwirira ntchito momwemo. Kachidutswa ka amyloid kakaduka, kamatha kukangamira pa mafuta ena a pachikutapo otchedwa GM1, n'kusintha kapindidwe kake, n'kuyamba kukoka tinzake ngati mmene zinyalala zimaunjikira pa chitsa cha mumtsinje. Timagulu ting'onoting'ono totere timatha kuboola chikuta, calcium n'kulowa mopitirira muyezo mpaka selo kufa.

Umboni wamphamvu unabwera mu 1993 ku Duke University, pamene gulu la Allen Roses linapeza kuti jini ya APOE4 imakweza chiopsezo cha matendawa. APOE4 ndi mtundu umodzi wa APOE, yomwe ntchito yake ndi yonyamula kolesterolo. Munthu amene watengera APOE4 kwa bambo ndi kwa mayi omwe, chiopsezo chake chimakwera pafupifupi kakhumi. Ngakhale mankhwala a lecanemab, amene America inavomereza mu 2023 kuti azichotsa amyloid, amatupitsa ubongo kawirikawiri mwa anthu omwewa.

Otsutsa amati mankhwala otsitsa kolesterolo, ma statin, atayesedwa pa odwala sanathandize. N'zoona. Koma ubongo umadzipangira wokha kolesterolo wake, sudalira wa m'magazi, ndiponso odwalawo anapatsidwa mankhwala maselo atafa kale. Kulephera kumeneko sikuchotsa mafuta pa mlanduwu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kafukufuku amene anayerekeza Ayoruba okalamba a ku Ibadan ku Nigeria ndi anthu akuda a ku Indianapolis. APOE4 ndi yofala m'magulu onse awiri, koma mphamvu yake yodwalitsa inapezeka yochepa ku Ibadan, kumenenso anthu anali ndi kolesterolo wotsika m'magazi. Jini ndi imodzimodzi, zotsatira n'zosiyana. Choteteza okalamba a ku Ibadan chikadziwika bwino, kaya ndi zakudya kaya majini ena oyandikana nayo, chingapulumutse anthu kulikonse. Opereka ndalama za kafukufuku aike chuma chokwanira pa mafuta a mu ubongo, ndipo okalamba a mu Africa asasiyidwe kunja kwa kafukufukuyo.